Tayendani Kaye Tikuoneni

A Masiye sankalemba dzina la munthu asanamuone akuyenda. Kaya mwabwera ndi thabwa la chikwangwani cha golosale, kaya mukufuna dzina pa boti lanu ku Senga Bay, kaya ndi kachitsulo kakang'ono kokhoma kumbuyo kwa njinga ya kabaza, mawu awo oyamba anali omwewo: "Tayendani kaye tikuoneni."

Munthu ankanyamuka pakhonde pawo kukafika pamtengo wa nimu uli kutsidya kwa ngalande, n'kubwerera. Iwo atakhala pa chitini cha penti, burashi ili kukamwa ngati ndudu, maso ali pa miyendo. Munthuyo akafika, ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndakuonani." Apo m'pamene ankatsekula penti.

Ine ndinkasoka nsapato pakhonde lomwelo, kuseri kwa depoti ya minibasi ku Salima. Tinakhala limodzi zaka zambiri. Iwo ankalankhula, ine ndinkamvetsera, ndipo zinkatiyendera.

"Achimwene," ankatero akamalemba, "chilembo chili ndi miyendo, chili ndi mimba, chili ndi khosi. Taonani R uyu. Mwendo uwu wauponya kutsogolo. Akupita kuti? Akuthamanga kapena akunyada? Ine ndingadziwe bwanji mwini wake ndisanamuone?"

Ine ndinkati, "Eya," n'kupitiriza kusoka.

Mayi Margret atatsekula tiyirumu yawo pafupi ndi msika anabwera ndi thabwa lalikulu. Anali mayi wathupi, wosadziwa kufulumira. Akamayenda, mbali imodzi inkapita kaye, inayo n'kutsatira ikafuna.

"Tayendani kaye tikuoneni."

"Ine ndabwera kudzalembetsa, a Masiye. Kuvina ndinasiya."

"Kuvina n'kwina, mayi. Mungokafika pa nimupo."

Anayenda. Oitanira minibasi onse anasiya kukuwa, ndipo wina anaiwala kumene galimoto yake inkapita. Chikwangwani chitakwera, dzina linali lolondola, penti yowala bwino, koma zilembo zonse zinali ndi mbina. M'mawa mwake amuna awo a Mayi Margret anafika pakhonde akupuma mofulumira.

"A Masiye, mkazi wanga mwamupachika pamsewu!"

"Pali chithunzi pamenepo?"

"Palibe."

"Pali mawu olaula?"

"Palibe."

"Nanga mwaonapo chiyani?"

"G uja."

"G uja mwamudziwa bwanji kuti ndi akazi anu?"

Bamboyo anati, "Amuna akumaima n'kumayang'ana."

"Akatha kuyang'ana?"

"Akumalowa kukamwa tiyi."

"Ndiye pitani mukathandize kutsuka makapu."

Amene anavuta kwambiri anali bwana Frank, a shopu ya simenti ndi malata. Iwowa anabwera pa galimoto, ndipo sanatsike. Anangotsitsa galasi pang'ono, n'kutulutsa chala.

"Ine ndiyende? Anthu onsewa akuona? Steven, tsika, umuyendere mdalayu."

Steven anali wantchito wawo, bambo wa ana ake, amene matumba a simenti anamutsitsa phewa lakumanja. Ankayenda mutu uli patsogolo, miyendo ikuthamangira kuupeza.

"Bwana," anatero a Masiye, "ine ndilemba zimene ndione."

"Lembani. Dzina ndi langa."

Dzina linalidi lawo, chilembo chilichonse pamalo pake. Koma zilembozo zinali zowerama, phewa limodzi pansi, zonse zikuthamangira kumapeto kwa thabwa ngati zasenza katundu. Sipanatenge nthawi, Salima yense anayamba kunena kuti, "Kagule misomali kwa Steven." Ngakhale aphunzitsi, odziwa kuwerenga bwinobwino, ankati kwa Steven. Wina anafika m'shopumo, n'kuwapeza bwana Frank pa kauntala, n'kuwafunsa kuti, "Eni ake atuluka?"

Bwana Frank anabwera okha, wapansi, m'mamawa depoti isanadzaze.

"Ndabwera. Onani msanga."

Anayenda mpaka pa nimu, n'kubwerera.

"Pepani bwana, dzuwa linandithobwa m'maso. Tabwerezani."

Anabwereza.

"Aa, panadutsa mbuzi. Tabwerezani."

Pamene a Masiye ankati "Ndakuonani," n'kuti depoti itadzaza, ndipo akabaza ataimika njinga mumzere ngati akuonera mpira.

Anthu ankafunsa kuti, nanga akufa? Pajatu a Masiye ankalembanso mayina pa mitanda ya kumanda. Tsiku lina anyamata awiri a kwa Maganga anabwera ndi mtanda wa bambo awo, mlimi wa mpunga.

"Tayendani ka..." A Masiye anadziletsa okha. "Ndani angandiyendere mmene ankayendera malemuwo?"

Anyamatawo anayang'anana. Mapeto ake tinakwera njinga tonse kupita ku siwa, ine ndikuperekeza. Titakhala pansi, a Masiye anapepesa monga mwa mwambo, n'kunena chimene abwerera. Mwana wamkulu anaimirira, n'kuyenda pabwalo chilili, manja kumbuyo, ngati mkulu wa mpingo akupita kukawerenga mawu.

M'nyumba, momwe amayi ankalira, munamveka mawu osasa.

"Bodza!"

Anali a Nachisale, namfedwa. Anatuluka akumanga chitenje.

"Amuna anga anayenda choncho tsiku laukwati lokha. Choka apo."

Anayamba kuyenda. Phazi lililonse ankalizula pansi ngati lamira m'matope a kudimba, dzanja limodzi lili pamsana, khosi likucheukacheuka ngati pali wina akuwaitanira mowa. Munthu wina kumbuyo anaphulika ndi kuseka. Kenaka bwalo lonse. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo kuseka kuja kusanathe anali atayambanso kulira, mwamphamvu kuposa poyamba, chifukwa anali atawaona malemuwo. A Nachisale anaima pakati pa bwalo n'kuphimba nkhope. A Masiye anati chapansipansi, "Ndawaona, mayi." Mtanda uja analembera pomwepo, atautsamiritsa pa nkhokwe.

Zosindikiza sizinayambe lero. Kale kunabwera timalata toboola zilembo, tongoika pakhoma n'kupakapo penti. A Masiye ankati amenewo ndi asilikali, amangodziwa kuima pamzere, ndipo sanawaope. Chimene chinawagwedeza chinatuluka m'nyumba mwawo momwe.

Tiyamike, mwana wawo womaliza, anapita ku Lilongwe kukaphunzira za makompyuta. Anabwerako ali mayi wamkulu, ndi makina aatali ngati bedi, otulutsa zomata ndi zinsalu zolembedwa kale, zithunzi zili pomwepo. Anatsekula shopu kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi khonde lathu. Chikwangwani cha shopuyo anasindikiza yekha.

A Masiye anachiyang'ana tsiku lonse.

"Mwana amene ndinamuona akuponya phazi loyamba," anatero madzulo. "Akugwira mwendo wa tebulo. Ine ndikanamulembera osamuuza n'komwe kuti ayende."

M'mawa mwake anavala jekete n'kuwoloka msewu. Anandikoka kuti ndikakhale mboni.

"Tayendetsa makina akowa tiwaone."

"Ababa, sayenda."

"Nanga anthu amawaona ndi chiyani?"

"Sawaona. Munthu amangosankha mtundu wa zilembo umene wakonda. Taonani." Anawaonetsa pa kompyuta mndandanda wautali, mawu amodzimodzi olembedwa mosiyanasiyana.

A Masiye anavala magalasi n'kuyandikira.

"Uyu ndi kalaliki, sanasekepo chibadwire. Uyu ndi mkwati wa suti yobwereka. Uyu akudwala m'mimba. Nanga woonda uyu, kwawo kuli njala?" Anavula magalasi. "Ndiye abusa ndi mayi wa kachasu akakonda mtundu umodzi?"

"Onse amatenga womwewo."

"Mulungu atikhululukire."

Koma anthu anawoloka msewu. Makina ankalemba munthu akudikira, osamuyendetsa padzuwa, ndipo nkhope yake inkatuluka pambali pa dzina, yoyera kuposa mmene alili. Eni maboti anapita, akabaza anapita, a malo ogona alendo ku Senga Bay anapita. Penti ya a Masiye inayamba kuchita khungu m'zitini.

Iwo sanadandaule. Anangoyamba chizolowezi chatsopano. Masana, nthawi imene kutentha kwa Salima kumagoneka anthu pa mabenchi, ankaika kaburashi kakang'ono m'thumba la malaya, kabotolo ka penti m'thumba la buluku, n'kunena kuti, "Ndikaongole miyendo."

Posakhalitsa zikwangwani zosindikizidwa zinayamba kusintha. B wa pa butchala anamera mimba. Zilembo za wometa tsitsi, yemwe ankayenda monyang'ama, zinapezeka zitaima pa zala. Chinsalu cholengeza msonkhano wa chitsitsimutso chinagona bwinobwino Lachisanu, koma pofika Loweruka masana zilembo zake zonse zinali zitatukula chibwano ngati mlaliki wake.

Tiyamike anawoloka msewu chinsalucho chili kumanja.

"Ababa!"

"Mwaswera bwanji, mayi a makina?"

"Ichi n'chiyani?"

"Chinsalu."

"Zibwano izi waika ndani?"

"Mwina makina ako ayamba kuona."

"Penti ili pa chala chanupo."

A Masiye anayang'ana chalacho ngati ndi cha munthu wina. "Ine ndangowathandiza kuti adziwike. Unawaveka yunifolomu onse ngati ana a sukulu."

"Mundithamangitsira makasitomala!"

Koma makasitomala sanathawe. Wa butchala anabweradi kudzadandaula, koma dandaulo lake linali loti mimba yake si yaikulu choncho, aichepetseko pang'ono. Ena ankati akasindikiza kwa Tiyamike, n'kudutsira pakhonde pathu chinsalu chili kukhwapa, n'kuyamba okha kuyenda kulowera ku nimu asanauzidwe.

Tiyamike anaziona zimenezi. Ndi mwana wa bambo ake, maso ali nawo. Tsiku lina anabwera ndi mapepala aakulu oyera, n'kukhala pansi mwaulemu.

"Ababa, ndilembereni zilembo zonse, kuyambira A mpaka Z. Zazikulu ndi zazing'ono. Ndizijambula, ndizilowetse mu kompyuta, zikhale mtundu pawokha. Anthu azisankha zilembo zanu."

"A wa ndani?"

"A basi."

"Kulibe A basi. Pali A wa Margret, pali A wa Steven. Iwe ukufuna A wopanda mwini, woti aliyense azimubwereka ngati wilibala?"

"Ababa, n'kuti zisatayike."

"Zitayika zipita kuti? Zili pa makoma."

Koma pa makoma zinali zikutha. Dzuwa la kuno silisunga penti. Maboti ankapakidwa mwatsopano n'kumatidwa zomata. Mayi Margret atakalamba anagulitsa tiyirumu, ndipo thabwa lija tinakalipeza litasanduka chitseko cha khola la mbuzi, G yekha akuonekabe. A Masiye anaima n'kumuyang'ana, n'kunena kuti, "Akadali bwino mayiwa," koma njira yonse yobwerera sanalankhule, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo.

Ndiyeno dzanja lawo linayamba kuvuta. Ine ndinaona msanga, chifukwa tiyi ankatayikira pa buluku. Ankalibisa pansi pa ntchafu, kapena kuligwiritsa chipewa. Akagwira burashi, nsonga yake inkavina isanafike pa thabwa. Ankati ndi mphepo ya kunyanja, mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Tiyamike ankabwera ndi mapepala ake mwezi ndi mwezi, n'kubwerera nawo oyera. Tsiku lina bambo ake atapita kukaongola miyendo anakhala pa benchi langa.

"Amalume, akapita apita nazo zilembozi. Dzanja lija likangoipiratu, basi. Ana anga adzangomva kuti agogo awo ankalemba. Alankhuleni."

"Ine sindilankhula, mwanawe."

"Ndi chifukwa chake angakumvereni."

Ndinayesa. Ndinati, "Achimwene, mulembereni mwanayu." Iwo anandiyang'ana modabwa ngati nsapato yayankhula, n'kundifotokozera za A wopanda mwini mpaka dzuwa kupendeka.

A Masiye anatisiya chaka chatha, mpunga ukucha. Pakhonde pano tsopano pali wogulitsa zikwama za mafoni, mnyamata wabwino koma wa zomvera m'makutu. Ine ndimasoka tsiku lonse osamva liwu la munthu wonditchula kuti achimwene. Anthu amadutsa pa nimu paja ali ndi mayendedwe awo, ena okoka phazi, ena odumphira, ena oyenda ngati pansi ndi pawo, ndipo palibe amawaona. Akabaza akale okha ndi amene nthawi zina, mnzawo akamabwera monyada ndi nsapato zatsopano, amakuwa kuti, "Tabwerezani, panadutsa mbuzi!" Achinyamata amaseka osadziwa kumene zinachokera.

Komaliza kuwaona akuchita mwambo wawo uja linali Loweruka lina, miyezi yochepa asanagone. Tiyamike anabwera ndi mapepala monga mwa nthawi zonse, koma ulendo uno anali atatopa ndi kupempha.

"Chabwino, ababa. Kulibe A basi. Ndiye lembani A wanu."

"Wanga?"

"Wanu. Wa a Masiye."

A Masiye anamuyang'ana. Kenaka anaseka pang'ono.

"Ine sindinadzionepo ndikuyenda. Ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani khonde lino lilibe chikwangwani? Wolemba Salima yense, pake palibe dzina. Ndikadzuka kuti ndiyende, woonera amakhala wachokapo pa chitini."

Tiyamike anatulutsa foni.

"Tayendani kaye tikuoneni."

Oitanira minibasi anamva. Akabaza anamva. Wa butchala anatuluka mpeni uli kumanja. A Masiye anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti pothawira palibe. Anakonza kolala, n'kuvala chipewa, n'kunyamuka kupita ku nimu, depoti yonse ikuimba m'manja, Tiyamike akuwajambula. Atabwerera anakhala pa chitini chawo, ndipo Tiyamike anawapatsa foni.

Anayang'ana. Anaitalikitsa. Anaiyandikitsa.

"Ndani mdala ameneyu?"

"Ndinu, ababa."

"Ayi. Uyu akuyenda ngati bakha woti inamuponda njinga. Taona mwendo wakumanzerewo, akuuzungulitsa kukadzera ku Nkhotakota. Makina akowa ndi abodza. Ine ndimayenda mowongoka." Anatembenukira kwa ine. "Achimwene, ndimayenda chonchi ine?"

Ndinawerama n'kuwavula nsapato yakumanzere, n'kuitembenuza. Chidendene chinali chitadyeka mbali imodzi, pamwamba pa zigamba zanga zakale.

"Zaka zonsezi ndimasoka iyi yokha," ndinatero. "Inzakeyo sinabwerepo."

"Osandiuza?"

"Simunafunse."

Anthu anaseka, koma iwo sanaseke. Anabweza maso pa foni. Kamdala kaja kanali kataima pa nimu, chipewa chili pambali, phewa likugwedera. Anakayang'ana nthawi yaitali, mpaka oonerera anayamba kubwerera ku ntchito zawo. Kenaka, ndi mawu aulemu aja ankalankhulira makasitomala, anati, "Tabwerezani, bambo."

Tiyamike anadina. Kamdala kanayendanso, mwendo uja ukuzungulira, mutu uli m'mwamba ngati kakudziwa nkhani yoti ena sanaimve.

"Ndakuonani," anatero a Masiye.

Anatsekula chitini, n'kuboola khungu la penti ndi kamtengo. Dzanja linkanjenjemera, ndipo sanalibise. Tiyamike anafuna kuwagwirira mkono, iwo n'kumukankha.

"Mwini wake akunjenjemera. Zilembo zake ziwongoke chifukwa chiyani?"

Analemba masana onse, ndipo tiyi anazizira. Chilembo chilichonse chinatuluka chopendekera, mwendo wakumanzere utaponyedwa kunja, mutu uli m'mwamba, m'mphepete muli timafunde ta dzanja lija. Tinayala mapepala pakhonde ponse, n'kuwatsindira ndi nsapato za makasitomala anga kuti mphepo isawatenge. Atamaliza Z anaimirira, n'kuyenda m'mbali mwa mapepalawo pang'onopang'ono ngati akuyendera alendo. Tiyamike anayamba kutola ouma, maso ali ofiira.

"Iwe," anatero bambo ake. "Ukakawalowetsa m'makina akowo usakawathinitse. Uziwasiyira mpata pakati. Mdala ameneyu mwendo wake umafuna malo."

Mukatsika minibasi ku Salima lero, kwezani maso muone zikwangwani za pa depoti, za kumsika, ndi za pa maboti ku Senga Bay. Mwanayo anamvera.